Mgolo, Thumba ndi Mango a Amayi Ako

Chulu,
Lachisanu masana.

Lusiya mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi ndili m'chigafa, pa benchi ija timasankhirapo fodya, chifukwa pakhomo palibenso pamene mwamuna angakhale. Bwalo lonse adzaza azimayi, ena akusinja, ena akuphika thobwa, ndipo iwe akutsekera m'nyumba kuyambira m'mawa kuti akuuze zimene bambo wobereka sayenera kumva. Mawa ukumanga ukwati kutchalitchi, Lamulungu upita ku Kaomba kwa amuna ako a Maliko. Za banja akuuza iwowo, ndiwo odziwa. Ine zanga ndi za mitengo ya mango ya amayi ako, ndipo ndasankha pepala chifukwa ndikati ndiyankhule pamaso pako mawu amandithawa. Ukawerenge ukafika, anthu akachepa. Usawerenge mawa, ungaononge nkhope ya pazithunzi.

Ukudziwa kuti mwezi watha abale a amayi ako anandisudzula. Sindikudandaula nazo, ndi mwambo. Ndinabwera pano ngati mkamwini, munda ndi wa amayi ako, ndipo iwo atatisiya chaka chatha chondisunga pamudzi pano chinatha. Chimene sukudziwa ndi tsiku. Ndinyamuka Lachiwiri likubwerali kubwerera kwathu ku Santhe, kumene ndinachoka tsitsi lili bii, ndipo okandilandira ndi ana amene sandidziwa nkhope. Sindinakuuze chifukwa sindinafune kuti uzimwetulira paukwati wako ukuwerenga masiku anga.

Chachiwiri chimene sukudziwa ndi ichi. Tsiku londisudzula lija, anthu atabalalika, atsibweni ako a Lingisoni anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, "Alamu, mitengo ija yatidyera malo zaka zitatu osabereka. Chaka chino ikapanda kugwira zipatso, tikamadzaunga mizere tiigwetsa. Nthambi timangire zigafa, zotsala tiwotchere njerwa, malowo tilimepo fodya." Ine ndinangoti zikomo, poti mkamwini asamakule mwendo. Koma mitengoyo si yanga ndipo si yawo. Ndi yako, chifukwa mwana wamkazi wa amayi ako ndiwe wekha. Mlongo wako Davide ali kuntchito kwake ku Lifupa, ndipo iyeyo mango amawadziwa akafika m'mbale. Mitengo ilipo makumi awiri ndi isanu ndi umodzi. Ikabereka ikhala, ikapanda kubereka igwa, ndipo maluwa atuluka masabata atatu kapena anayi akubwerawa, ine kulibe.

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga koyamba, kuti usaganize kuti wolangizayu ndi wanzeru. Amayi ako ataphunzira kumezanitsa mango kwa alangizi a zaulimi, iwe uli sitandade 5, anabwera ndi timitengo m'machubu nandipempha kuti ndiwakumbire mayenje. Ndinakana. Ndinati mkamwini sadzala mtengo, adzadya ndi ena. Anandiyang'ana nati, "Bambo a Lusiya, enawo ndi ana anu." Sindinamve, ndinapita ku nazale ya fodya. Mayenje onse anakumba okha, nthaka ili gwa, madzi akutunga kudimba pamutu. Tsopano ndikuchoka pano patatha zaka makumi atatu, ndipo ndikayang'ana zimene ndinalima ine sindikuona kanthu. Fodya wanga yense anapita pa lole. Zigafa zimene ndinamanga zinadyedwa ndi chiswe, ndamanga zina, nazonso zikudyedwa. Choima pano ndi chimene ndinakana kukumbira dzenje. Tsono iwe ukupita kuchitengwa, kumudzi kwa eni, ndipo pakhala okunong'oneza kuti usadzale kanthu pa malo amene si ako. Udzale. Ngakhale papaya mmodzi kuseri kwa bafa, udzale mvula yoyamba.

Mitengo itakula ndi pamene tinadziwana nacho chuku. Unali kusukulu yogonera nthawi zambiri, ndiye sindikudziwa ngati unachiyang'anitsitsapo. Chimabwera nthawi ino yozizira, m'mawa kukamagwa mame koma masana kuli gwa. Chimakhala pa maluwa ndi pa masamba anthete, choyera ngati munthu wapetera ufa pafupi. Ukachiona umati ndi fumbi la mumsewu. Pakapita sabata maluwa amauma n'kuda, ukagwedeza nthambi amayoyoka onse, ndipo timango tina tikagwira timathothoka tisanafike pa nzama. Mtengo umakhala wobiriwira bwinobwino, wamthunzi, wopanda chipatso. Amayi ako ankati choyera chija ukachiona ndiye kuti mlandu unatha kale, iwe wangofika pomva chigamulo. Mawu amenewa ndiwabwereza m'kalata muno mpaka utope nawo: usadikire kuti uone choyera.

Ndinalakwanso pamene anabwera ndi nzeru ya tiyi wa manyowa. Mankhwala a m'sitolo anali odula, ndipo ochepa amene tinkagula ankathera ku fodya, poti pakhomo pano fodya ndiye anali mwana woyamba. Ndiye alangizi aja anawaonetsa zoviika manyowa m'madzi n'kumapopera maluwa chuku chisanabwere. Anati m'manyowa opsa bwino muli tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso, timene tikayamba kukhala pa duwa, chuku chimapeza malo atatha. Ine ndinaseka mpaka kutsokomola. Tsiku lina anzanga a bawo ali pakhonde ndinawakuwira amayi ako kuti, "Nambewe, mitengo yanu yamwa tiyi? Mwaithirira shuga?" Anzanga anagwa nako kuseka. Amayi ako anangopitiriza kutakasa mumgolo. Chaka chimenecho mango anathyola nthambi, mpaka tinachita kuchirikiza ndi mphanda, ndipo ogula ankachokera kuboma pa njinga zamoto. Ndinadya nawo, ndinavala nawo malaya, koma sindinapepese. Mwana wanga, a Maliko akadzayamba chinthu chimene sukuchimvetsa, udzawafunse muli awiri. Usadzawaseke pagulu kuti anzako akuone kuti ndiwe wanthabwala. Kuseka kwa tsiku lija anzanga anaiwala madzulo omwewo, koma amayi ako anandikumbutsa patapita zaka zisanu.

Kulakwa kwina kunali kwa phuma, ndipo pano uwerenge mofatsa chifukwa kapangidwe kake kali pomwepa. Chaka china amayi ako anapita kukadwazika agogo ako masabata awiri, nandisiyira ntchitoyi. Ine poona kuti mulu wa manyowa uli kutali kuseri kwa munda, ndinati manyowa ndi manyowa, ndinangokokola ndowe zaziwisi m'khola la mbuzi n'kukhuthulira mumgolo. Ndinavundikira ndi lata, pamwamba mwala, osatakasa. Nditavundukula patapita masiku khumi, agalu omwe anathawa. Koma poti ndinali nditavutika kale, ndinapopera mitengo itatu ya kumpanda. Masamba anthete anapsa m'mbali, ntchentche zinasamukira kwathu, ndipo amayi ako atabwera ananunkhiza ali pamsewu. Anati, "Mwapopera mitengo kapena mwaitukwana?"

Anandiphunzitsa tsiku lomwelo ngati mwana, ndipo ndikupatsa momwe anandipatsira. Manyowa akhale opsa. Opsa ndiye kuti akhala pamulu miyezi itatu kapena inayi ukuwatembenuza, mpaka sungathenso kuloza kuti ili linali phesi, iyi inali ndowe, izi zinali zinyalala za mtedza. Ukalowetsa dzanja akhale ozizira, ofumbutuka, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba. Utape ndowa ziwiri, uthire m'thumba loti madzi azilowa, umange kukamwa, ulipachike pa ndodo yopingasa kuti lizilendewera mumgolo osagunda pansi. Udzaze mgolo ndi madzi a pachitsime cha kudimba, osati othira kolorini, chifukwa amapha tizilombo tomwe ukufunato. Mgolo ukhale pamthunzi, uvundikire ndi chiguduli chokha kuti uzipuma. Kutakasa m'mawa, kutakasa madzulo, mwamphamvu mpaka thovu, masiku asanu ndi awiri. Ukatero usefe ndi chitenje chakale, kawiri, apo ayi sipuleya itseka kukamwa ndipo utha tsiku ukuitokosa ndi minga. Mtundu wake ukhale wa tiyi wa pamaliro, uja umaona pansi pa kapu. Akada kwambiri uwonjezere madzi. Mphuno yako ndiye woweruza: akanunkha ngati chimbudzi usawayandikitse ku maluwa, ukataye kudzala, utsuke mgolo, uyambirenso. Zosapsa sizichiritsa, zimawotcha. Mawu a mkwiyo nawonso uziwasiya apse, koma zimenezo akuuza kale m'nyumbamo.

Upopere m'mawa mame akangouma, kapena dzuwa likapendeka, osati masana. Unyowetse ngala zonse za maluwa ndi masamba pamwamba ndi pansi pomwe. Amene wasefa lero athe lero. Uyambe timitu ta maluwa tikangotuluka, tisanatseguke, ndipo ubwereze sabata iliyonse mpaka timango tifike pa dzira la nkhunda. Pamenepo uleke. Chipatso choti munthu adye posachedwa sachithira madzi a manyowa, ndipo iwe usambe m'manja ndi sopo ukamaliza. Nthambi za m'kati ndadulira kale mwezi watha kuti mphepo izidutsa, chifukwa chuku chimakonda mtengo wothithikana. Sindikunamiza kuti tiyiyu ndi mankhwala osalephera. Chaka cha mame ambiri chuku chimalowabe pena ndi pena. Iye ntchito yake ndi kutsekereza pakhomo, osati kutulutsa mbala imene yalowa kale.

Zimenezi ndinaziphunzira ndi kulakwa kwinanso. Chaka chimene ndinkaumba njerwa za nyumba yathuyi, ndinafuna mgolo wosungira madzi kudambo. Unali mwezi ngati uno kumapeto, thumba lili kale m'madzi masiku anayi. Ndinayendera mitengo, ndinaona masamba ali see, timaluwa tikutuluka bwinobwino, popanda kadontho koyera ngakhale kamodzi. Ndinati, "Nambewe, mitengo ili bwino, tikuipatsiranji mankhwala isanadwale? Ndibwerekeni mgolo masabata awiri okha, tikaona chayamba tidzapopera." Anakana, ndinaumirira, ndinakhuthula ndekha. Masabata awiri anasanduka atatu. Pamene choyera chinaoneka ndinathamanga nawo mgolo ngati wozimitsa moto, koma tiyi amafuna masiku ake asanu ndi awiri, samva kuti mwini wake wafulumira. Tinapopera katatu pa maluwa akufa kale. Chaka chimenecho tinakolola theka. Ndiye ukadzabwera n'kupeza mitengo ikuoneka yathanzi, mtima udzakuuza kuti wavutikiranji ulendo wonsewu. Tsiku limenelo ndiye lopopera. Usadikire kuti uone choyera, Lusiya.

Zolakwa zonse ndalembazi unazimvapo, zina unkaseka nazo amayi ako akamandinena. Chimene chatsala sunachimvepo, ndipo ndakhala ndikuzungulira ngati mbuzi yapachingwe kuti ndisafikepo. Cholembera ndachiika pansi kawiri. Koma ndikapanda kulemba lero sindidzalembanso.

Ukukumbuka chaka chimene maluwa onse anapsa, zaka zitatu zapitazo. Ukukumbuka sipuleya ya amayi ako, yabuluu ija anagula ndi mango awo, anamangirira kansalu kofiira pa chogwirira. Lamulo lake linali limodzi: iyi ndi ya mitengo yokha, mankhwala a fodya asalowemo. Ine ndinali ndi yanga, koma inali itayamba kudontha kumsana. Lachinayi lina amayi ako ali ku msonkhano wa azimayi kutchalitchi, ndinafuna kupha udzu kudimba, pamalo pofesa nazale ya fodya. Ndinatenga yawo. Ndinasungunula mankhwala opha udzu, amphamvu aja, ndinapopera, ndinabwerera dzuwa litapendeka. Ndinakhuthula otsala mothamanga poti ndinamva mawu awo akubwera m'njira, ndipo ndikuipachika pa msomali ndinamva kuti pansi pake mwatsalabe madzi. Ndinati ndidzatsuka mawa m'mamawa asanadzuke.

Oyamba kudzuka anali amayi ako. Linali tsiku limene anaitana azimayi anzawo a m'mudzi muno kuti adzaone kapoperedwe, poti ambiri anali atayamba kufunsa, ena ataviika kale matumba awo. Ndinatuluka m'nyumba ndikupeza athira kale tiyi, akuibereka sipuleya, azimayi khumi ndi angapo ataima mozungulira. Amayi ako anaima pang'ono, nagwira pa phewa. Anati, "Bambo a Lusiya, malambawa atalika bwanji? Munaibereka?" Ndinali nditawatalikitsa dzulo lake kuti andikwane, n'kuiwala kubweza. Pamenepo panali pongonena mawu atatu, tiyi n'kutayidwa, sipuleya n'kutsukidwa, ine n'kuchita manyazi theka la ola. Koma azimayi onse aja anali akundiyang'ana. Ndinati, "Ndiiberekerenji ine, ndili ndi yanga? Mwina mwaonda ndinu." Azimayi anaseka. Amayi ako anasekanso, nafupikitsa malamba, napita ku mtengo woyamba. Ndinaima pakhonde kuwayang'ana akupopa, mtima ukundiuza kuti otsalawo ndi ochepa, asungunuka, sachita kanthu.

Sabata isanathe masamba anthete anapotana, maluwa anafota n'kuda. Mizere yoyamba inapsa moti ndinkaopa kuti mitengo ifa. Ya kumapeto inangoyoyola. Mbiri inayenda mudzi wonse mpaka kumsika kuti tiyi wa a Nambewe wapha munda. Amene anaviika matumba anakakhuthula migolo yawo. Pachitsime ankawafunsa kuti lero mwaphikira ndani tiyi. Atsibweni ako anawaseka pamaso pa anthu pa maliro ena, amvekere nzeru za alangizi zawotcha mlongo wanga. Amayi ako anakhuthula mgolo, kuununkhiza, kupasula mulu wonse wa manyowa ndi manja kufunafuna chimene chinalowamo. Tsiku lina anakhala pansi pa mtengo woyamba uja, manja ali bii, nandifunsa kuti, "Bambo a Lusiya, inu munaona zonse. Ndinalakwitsa pati?" Ndinati, "Mwina manyowa sanapse."

Ndalemba mawu amenewo ndipo ndikuwayang'ana. Ndi oipa kuposa mankhwala aja. Ndinawawotchera mitengo, kenako ndinawawotchera mtima umene ankadalira pa ntchito yawo. Chaka chotsatira sanaviike thumba. Anati sakufunanso kupha mitengo ndi manja awo, bola iphedwe ndi chuku. Chuku chinabweradi, chinadya maluwa onse ife tikuyang'ana. Ine ndinkati ndiwauza akaiwalako pang'ono, ndiwauza tikagulitsa fodya ali osangalala, ndiwauza pa Khirisimasi. Kenako anayamba kuonda zenizeni. Kuchipatala cha kuboma, mwezi wa Ogasiti, iwe utapita kukatenga madzi otentha, anandifunsa ngati mitengo yachita maluwa. Ndinati yachita. Anati, "Musaipopere, ingapse." Ndinatsegula pakamwa, ndinaona momwe mpweya unkawavutira, ndinati ndidikire apezeko bwino. Anatisiya Loweruka lake. Amati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma pano amene anafa akudziimba mlandu si mbewayo.

Ndiye zaka zitatu zimene atsibweni ako akuwerenga zija, chimodzi ndinawotcha ine, chachiwiri chinapita chifukwa cha bodza langa, chachitatu tinali pa maliro. Mitengo sinakane kubereka ngakhale kamodzi. Tiyi wa amayi ako sanalakwe. Ndikufuna udziwe zimenezi bwinobwino, chifukwa ukadzaima ndi sipuleya kumsana pakhala odutsa m'njira okukumbutsa za chaka chija, ndipo ungadzayambe kukayika.

Malangizo a pamenepa sindidziwa ngati ndili woyenera kuwapereka, koma palibe wina amene anawagula modula ngati ine. Ukadzalakwira mwamuna wako, kaya wathyola chinthu, kaya wagwiritsa ntchito chimene anakuletsa, udzanene tsiku lomwelo, ngakhale pali anthu. Manyazi a tsiku limodzi amapola. Ukawasunga amamera mizu, ndipo tsiku lililonse lowonjezera limakulitsa mlandu, mpaka umayamba kuopa zaka zimene wakhala chete kuposa chimene unalakwa. Usamayembekezere nthawi yabwino, ine ndinaiyembekezera zaka ziwiri ndipo sinabwere. Ndiponso usadzalole kuti mnzako asenze mlandu wako chifukwa iye ndi wofatsa. Amayi ako anali ofatsa, ndipo ndinadyerapo masuku pamutu.

Lachitatu lapitali ndinapita kwa atsibweni ako kukawauza zonsezi. Ndinawapeza akusoka matumba a mtedza. Anamvetsera osandidula, singano ili m'manja. Nditamaliza anati, "Alamu, mukundiuza ine kuti nditani? Woti mumuuze tinamuika." Ndinati ndikudziwa. Anati, "Ine ndinamuseka mlongo wanga pagulu chifukwa cha inu." Ndinati ndikudziwa. Anapukuta m'maso ndi chipewa, nabwerera ku thumba lawo. Ndikutuluka pa mpanda anati, "Mawu anga aja sasintha. Ikabereka ikhala." Usawade atsibweni ako. Ali ndi ana ambiri, malo achepa, ndipo munthu amene wangolima fodya moyo wake wonse akaona mthunzi amaona mizere imene yatayika. Ndinali choncho inenso. Ukabwera uziyamba wawalonjera, uwauze kuti wabwera kudzapopera, asamve kwa ena.

Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu pa nthawi yolakwika. Mkwatibwi wa masabata atatu sayenera kumakhalira pamsewu, ndipo apongozi ako angayambe kunena kuti mtima unausiya kwanu. Ena adzakuuza kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo sadzakhala akunama. N'chifukwa chake usachite mobisa. Uwawerengere a Maliko kalatayi yonse, ndi zamanyazi zanga zomwe, asankhe akudziwa. Kubwera kudzapopera ndi tsiku limodzi pa sabata, masabata asanu ndi atatu kapena kuchepera. Ndinawaona mmene anayang'anira mitengo ija tsiku lachinkhoswe, anafunsa kuti anamezanitsa ndani, ndiye ndili ndi chikhulupiriro pang'ono. Akakana, usalimbane nawo chifukwa cha ine. Banja lako lisapse chifukwa cha moto umene ndinayatsa ndine. Mitengo ikagwa, mlandu wake udzakhala pa ine, osati pa iwe, ndipo zimenezi ndalemba kuti zikhale umboni.

Kutakasa kwa tsiku ndi tsiku usade nako nkhawa. A Nachisale, anzawo a amayi ako a kuseri kwa mjigo aja, avomera kuti azitakasa m'mawa ndi madzulo ndi kuviika thumba latsopano ukamachoka. Anali m'gulu la azimayi anaima tsiku lija, ndipo anali oyamba kukhuthula mgolo wawo. Nawonso ndawauza. Anavomera ntchitoyo, koma kuyambira tsiku limenelo sandiyankha moni, ndipo sindikuwaimba mlandu. Kupopera kokha ndiko sangathe chifukwa cha msana, komanso pamafunika mwini munda kuti anthu aone kuti mitengo ili ndi mwini. Mulu wa manyowa uli kuseri kwa khola, ndinauunjika mu Febuluwale, ndautembenuza kanayi, wapsa bwino. Ndalowetsamo dzanja m'mawa uno. Mgolo uli pansi pa mtengo wachitatu, thumba ndidzaliviika ndekha Lolemba ndisananyamuke, kuti a Nachisale adzaonere poyambira. Timitu ta maluwa tikachedwa, tiyi ameneyo adzathire kumizu, aviike lina. Iwo adzakuimbira foni timituto tikangotuluka. Ukamva foniyo usati ndipita sabata yamawa. Usadikire kuti uone choyera.

Kunjaku ayamba nyimbo, ndipo ndamva wina akufunsa kuti bambo a mkwatibwi abisala kuti. Ndiyenera kukaonekera, kumwetulira, kulawa thobwa. Mawa ndidzakugwira dzanja kulowa nawe m'tchalitchi, ndipo ukadzaona ndikuyang'ana pansi usadzaganize kuti sindikukondwa. Ndikukondwa nawe kwambiri, mwana wanga. Koma ndili ndi chisoni chimene sichikugwirizana ndi tsikuli, ndipo ndikuopa kuti ukawerenga izi sudzandionanso momwe unkandionera. Ukafuna kukwiya ukwiye, usandibisire. Ndi bwino ndimve kuti wakwiya kusiyana ndi kuti uzindilonjera mwaulemu mumtima mutatsekeka.

Mitengo ikabereka, dengu loyamba usagulitse. Upite nalo kwa atsibweni ako masana, kudutsa pachitsime pamene pali anthu, ukawauze kuti awa ndi mango a mlongo wawo, opopera ndi tiyi wake. Lachiwiri upatse a Nachisale. Ine usanditumizire, ndidzamva kwa anthu.

Sipuleya ili pa msomali wake womwe uja, kansalu kofiira kakadalipo. Ndaitsuka katatu ndi sopo, paipi yomwe, ndayesera pa bonongwe wa kuseri kwa nyumba ndipo sabata yatha ali wobiriwira. Ndi ntchito ya theka la ola, ndaigwira patapita zaka zitatu. Malamba sindinawakhudze, ali pamene anawasiya amayi ako m'mawa uja. Mapewa ako ndi awo, ikukwana.

Ndine bambo ako.